Kusankha sabuwufa ya pabalaza: yotseka, yabowo, ziwiri, kapena yokhomedwa ndi kalipentala

Sabuwufa kapena kuti wufa yanga yoyamba, sipika ija yotulutsa mawu otsika a besi, ndinaigula chifukwa cha nambala imene inali pakatoni. Panali mawati masauzande angapo, olembedwa ndi zilembo zofiira zazikulu, ndipo m'sitolomo inkagunda mpaka kumveka m'chifuwa. Nditafika nayo kunyumba ndinaiika pamene panali malo, pakati pa sitandi ya TV ndi kabati ya mbale. Filimu itafika pamene ndege ikudutsa, mbale zinayamba kulira, galasi limodzi la windo n'kumanjenjemera, koma ine amene ndinali pasofa sindinkamva kulemera kulikonse. Nditanyamuka kuti ndikatunge madzi, ndinapeza kuti besi yonse ili pakhomo lolowera kukhitchini. Pamenepo inkagunda du du du, pamalo pamene palibe munthu amakhala poonera kanema.

Zimenezi zinandipweteka mtima chifukwa ndalamazo ndinazisunga miyezi ingapo. Kuchokera nthawi imeneyo ndayesa mawufa osiyanasiyana, anga ndi a anzanga, ndipo ndaona kuti anthu ambiri amene akufuna kusintha wufa amayambira pa funso la mawati, pamene zinthu zimene zimapha kapena kudzutsa besi ndi makina amene wufayo ikalumikizidweko, chipinda chimene ikakhalemo, ndi mtundu wa bokosi lake.

Yambani mwayang'ana kumbuyo kwa makina anu

Musanapite kusitolo, tembenuzani makina amene masipika anu amalumikizidwako. Ngati muli ndi AV receiver, makina olandira mawu n'kuwagawira masipika onse, monga za Denon, Yamaha, Onkyo, Marantz, Pioneer kapena Sony, mupeza kabowo ka RCA kolembedwa Sub Out, Subwoofer Pre Out kapena LFE. Mukakapeza, khomo ndi lotseguka: wufa iliyonse yokhala ndi ampulifaya yakeyake mkati ingagwire, kaya ndi ya kampani iti.

Vuto lili pa home theatre zija zobwera m'katoni imodzi, pleya ya DVD, timasipika tisanu ndi wufa. Pa zambiri mwa zimenezi wufa ilibe ampulifaya. Mphamvu imachokera mu pleya kudzera pa waya wamba wokhala ndi pulagi ya mtundu wakewake, ndipo masipika ake nthawi zambiri amakhala a 3 ohms, muyezo wa magetsi wosiyana ndi wa masipika ambiri. Mukangochotsa wufa yaing'onoyo n'kuikapo bokosi lalikulu, ampulifaya ya mu pleya ndi yomweija, ndipo mwina besi ichepa kusiyana ndi kale, kapena pleya iyamba kuzima yokha. Njira ilipo yolumikiza wufa yokhala ndi ampulifaya kudzera pa malo olembedwa High Level In kapena Speaker Level In, koma si mapleya onse amalola zimenezi popanda kuwonongeka, choncho funsani katswiri wokonza mawailesi aone kaye. Ine kwa munthu wa makina otere ndimamuuza kuti ndalama ya wufa aisunge, ayambe wapeza receiver, ngakhale yakale.

Pali zija za masipika awiri kapena atatu zimene zadzaza m'misika, zomwe ampulifaya, Bluetooth ndi wailesi zonse zili m'bokosi la wufa. Zimenezi mukachotsa wufa mwachotsa zonse, palibe chokweza. Ma soundbar, masipika aatali aja oika pansi pa TV, nawonso ambiri amangolankhulana ndi wufa yopanda waya ya kampani yawo yomwe. Wufa ya Sonos imagwira ndi Sonos basi, ndipo ya Samsung singalumikizane ndi soundbar ya LG. Ochepa okha, monga ena a Yamaha, ndi amene ali ndi kabowo ka wufa kumbuyo.

Za mawati ndi manambala a pakatoni

Nambala yaikulu ija nthawi zambiri imatsatiridwa ndi zilembo za PMPO, ndipo palibe muyezo umodzi umene makampani amatsata poiwerengera. Nambala yothandiza ndi ya RMS, mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza. Ngati katoni sikunena RMS, yang'anani kachikwangwani kamene kali pafupi ndi waya wa magetsi. Makina amene amakoka mawati 60 pasoketi sangapereke mawati 3,000 kusipika mosalekeza.

Ngakhale RMS yeniyeniyo siuza munthu zambiri. Kuwirikiza kawiri mawati kumangowonjezera 3 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa phokoso), kusiyana komveka koma kochepa. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB, kutanthauza mawati ochuluka kakhumi. Besi ndi mpweya wokankhidwa, ndiye chimene chimawerengedwa kwambiri ndi kukula kwa koni, mbale ya sipika imene imagwedezeka, ndi mtunda umene imatha kuyenda kutsogolo ndi kumbuyo osakhadzula mawu. Koni ya mainchesi 12 ndi yotambalala pafupifupi kamodzi ndi theka poyerekeza ndi ya mainchesi 10, ndipo ya mainchesi 15 imaposa ya 10 kawiri ndi kapamwamba.

Nambala ina yofunika kuiona ndi ya Hz, imene imanena kuti wufa imatsika mpaka pati: nambalayo ikachepa, ndiye kuti mawu ndi otsika kwambiri. Khutu la munthu limamva kuyambira cha m'ma 20 Hz. Chingwe chachikulu cha gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz, ndipo ya zingwe zisanu imatsika mpaka 31 Hz. Nyimbo zambiri za rege, za kwaya yoimba ndi zida ndiponso za amapiano zimakhala bwino ndi wufa yofika m'ma 30 Hz. Mafilimu ndi nkhani ina. Mu 5.1, dongosolo la masipika asanu ndi wufa, kachidutswa kaja ka .1 ndi njira yapadera ya mawu otsika yotchedwa LFE, yonyamula zapansi pa 120 Hz, ndipo imaseweredwa mokwera ndi 10 dB kuposa njira zina. Mabingu, zivomezi ndi kuphulika kwa zinthu zimatsika mpaka 20 Hz ngakhale kupitirira apo. Kampani yoona mtima imalemba nambala ya Hz pamodzi ndi malire ake, mwachitsanzo ±3 dB. Ikangolemba 20 Hz popanda china, n'kutheka kuti pa 20 Hz koni imagwedezeka koma simumva kanthu.

Bokosi lotseka ndi bokosi labowo

Apa ndi pamene pali kusankha kwenikweni, ndipo anthu amakangana kwambiri. Bokosi lotseka lilibe potulukira mpweya. Mpweya wa mkati umakhala ngati sipuling'i yobwezera koni pamalo pake. Bokosi labowo lili ndi paipi imodzi kapena ziwiri, ndipo mpweya wa m'paipimo umagwedezeka pa Hz imene anaikonzera, n'kumathandiza koni kutulutsa mawu otsika. Ndi zofanana ndi kuuzira pakamwa pa botolo: kukula kwa botolo ndi kutalika kwa khosi lake ndi zimene zimasankha mawu.

Chitsanzo chabwino chili pa mawufa awiri a kampani ya SVS ya ku Ohio, ku America, chifukwa onse ali ndi koni ya mainchesi 12 ndi ampulifaya ya mawati 325 RMS. SB-1000 Pro ndi yotseka, kabokosi ka masentimita osapitirira 40 mbali zonse, kolemera pafupifupi makilogalamu 12, ndipo kampaniyo imati imatsika mpaka 20 Hz. PB-1000 Pro ndi yabowo, imalemera pafupifupi makilogalamu 19, imatenga malo ngati kafiriji kakang'ono, ndipo imatsika mpaka 17 Hz. Papepala kusiyana kukuoneka kochepa. M'chipinda, pa mawu a pakati pa 20 ndi 30 Hz, yabowo imatulutsa mphamvu yochuluka moonekeratu. Ndi imene imagwedeza sofa chombo chikamanyamuka mufilimu.

Koma bowo lili ndi mtengo wake. Pansi pa Hz imene analikonzera, mawu amagwa msanga, pafupifupi 24 dB pa okitevu iliyonse (kutanthauza Hz ikatsika ndi theka), pamene bokosi lotseka limatsika pang'onopang'ono, pafupifupi 12 dB. Pansi pamenepo koni ya bokosi labowo imatsala yopanda choigwira, imangokupiza, ndipo wufa yabwino imakhala ndi chotetezera mkati kuti isang'ambike. Yotchipa ilibe. Komanso bowo likakhala laling'ono kapena losasalala m'mphepete, mukakweza voliyumu mumamva mpweya ukupuma phu phu phu. Yamaha anapotoza kukamwa kwa bowo pa mawufa awo monga NS-SW100 pofuna kuchepetsa phokoso limeneli.

Mudzamva anthu akunena kuti lotseka ndi la nyimbo, labowo ndi la mafilimu. Mawu amenewa ali ndi choonadi pang'ono, koma anabadwa chifukwa cha mawufa otchipa abowo amene amakonzedwa dala kuti azifuula pa 50 kapena 60 Hz kuti agometse munthu m'sitolo. Wufa yotere imaimba noti imodzi. Woimba besi akwere, atsike, inu mumangomva bu bu bu yemweyo. Yabowo yokonzedwa bwino, yotsika m'ma 20 Hz, imaimba nyimbo mwaukhondo ndithu.

Kwa ine chimene chimagamula ndi chipinda. Nyumba zambiri za kuno ndi za njerwa, pulasitala ndi simenti kapena matailosi pansi. Makoma otere salola besi kuthawa, amaibweza. Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a ku America amene makoma awo ndi a matabwa ndi mabolodi opyapyala omwe amamwa besi, komanso mabalaza awo ndi aakulu. M'chipinda cha njerwa chotsekeka, cha mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali, chipindacho chimawonjezera chokha mawu otsika, ndipo kutsika pang'onopang'ono kwa bokosi lotseka kumagwirizana bwino ndi kuwonjezera kumeneku. M'chipinda chotere ndimakonda lotseka la mainchesi 12. Balaza likakhala lalikulu, lolumikizana ndi chipinda chodyera ndi khonde la mkati popanda chitseko, mpweya wokankha ndi wambiri, ndipo labowo limapambana mosakayikitsa.

Kwa amene thumba silifika kumeneko, pali ena odziwika a mtengo wotsikirapo. Klipsch R-120SW ndi yabowo la kumbuyo, mainchesi 12, mawati 200 RMS, yotsika mpaka 29 Hz. Imagunda mwamphamvu, koma iikidwe motalikirana pang'ono ndi khoma kuti bowo lipume. Polk PSW10 ndi ya mainchesi 10, mawati 50 okha, imathera cha m'ma 40 Hz, ndipo ili ndi polumikizira mawaya a masipika. Pa kachipinda kakang'ono ndi nyimbo imakwanira, koma ngati wufa imene muli nayo kale ndi ya mainchesi 8 yabwinobwino, kusamukira pa imeneyi simudzaona kuti mwakwera kwenikweni. Kukwera pang'onopang'ono, kuchoka pa 8 kupita pa 10, kenako pa 12, kumadya ndalama zambiri kuposa kudikira n'kugula kamodzi.

Imodzi yaikulu kapena ziwiri zocheperapo

Tibwerere ku vuto langa la besi yothawira kukhitchini. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Funde limodzi la 40 Hz ndi lotalika mamita 8.6, la 20 Hz ndi mamita 17, kuposa nyumba yonse. Mafunde otere akagunda khoma n'kubwerera amakumana ndi anzawo amene akubwera. Pena amaphatikizana, besi n'kukula kwambiri; pena amafafanizana, besi n'kuzimiririka. Pa chipinda cha mamita 5 m'litali, zimenezi zimayamba pa 34 Hz, ndipo malo akufa a noti imeneyi ali pakati penipeni pa chipinda. Pa mbali ya mamita 4 ndi 43 Hz. Sofa yanga inali pakatikati. Ndikanagula wufa ya mawati ochuluka kakhumi, malo akufawo akanakhalapobe, chifukwa funde lobwerera nalonso likanakula chimodzimodzi. Akanavutika ndi aneba okha.

Ndiye njira yoyamba pa nkhaniyi ndi yosalipira. Nyamulani wufa imene muli nayo, muiike pasofa pamene mumakhala, ndi waya wautali. Ikani nyimbo ya besi yoyenda, yokwera ndi kutsika, muibwereze. Kenako gwadani n'kumakwawa m'mbali mwa makoma, khutu lili pafupi ndi pansi, kumvetsera pamene manoti onse akumveka mofanana, osati pamene pakugunda kwambiri. Pamene mwapeza, ndi pamene wufa ikakhale. Tsiku limene ndinachita izi ndinakwawa kawiri kuzungulira balaza, mwana wanga wamng'ono akukwawa pambuyo panga, iyenso khutu pansi. Pakona ya kumanzere panali chiphokoso cha noti imodzi. Kuseri kwa mpando wa pafupi ndi windo besi inasowa. Malo abwino ndinawapeza pakhoma la m'mbali, pafupifupi mita imodzi kuchoka pakona ya kutsogolo, pamene panali mphika wa maluwa. Mayi a kunyumba anavomera kusuntha maluwawo, ndinakankhira sofa kumbuyo pang'ono, ndipo wufa yomweija inayamba kumveka ngati ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yonseyi inatenga ola limodzi.

Kukwawa kumakonza mpando umodzi. Ngati mumaonera anthu asanu, wina pasofa yaikulu, wina pampando wa m'mbali, mudzapeza kuti wina akudandaula kuti besi yachuluka pamene wina sakuimva. Apa ndi pamene mawufa awiri amaposa imodzi. Todd Welti, katswiri wa ku kampani ya Harman, anafufuza nkhaniyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo anasonyeza kuti m'chipinda cha makona anayi, mawufa awiri oikidwa pakati pa makoma oyang'anizana, kapena anayi, amafalitsa besi mofanana pamipando yambiri kuposa imodzi. Wufa ina imadzaza dzenje limene inzake yasiya. Phindu lake lalikulu ndi kusalala kwa mawu. Kukwera kwa phokoso kumabwera pambuyo, mpaka 6 dB ngati mwawaika pamodzi, kucheperapo ngati ali motalikirana.

Kodi ndi ndalama imodzimodziyo mugule imodzi yabwino kapena ziwiri za theka la mtengo? Ine ndimati zimatengera pamene theka la mtengolo likukufikitsani. Ngati likukupatsani mawufa awiri a mainchesi 12 otsika m'ma 30 Hz, tengani awiri. Ngati likukugwetserani ku timabokosi tothera pa 45 Hz, gulani imodzi yabwino, yachiwiri ya mtundu womwewo idzabwere chaka china, chifukwa mawufa awiri osatsika satsikabe ngakhale muwaphatikize. Pewani kusakaniza lotseka ndi labowo pokhapokha muli ndi zida zoyezera, popeza pafupi ndi Hz ya bowo amatha kulimbana. Receiver ikakhala ndi kabowo kamodzi, waya wa RCA wogawika pawiri umakwanira. Koma ganizirani za malo, soketi yachiwiri, ndi waya wodutsa pabalaza pamene ana amathamanga.

Wufa ya m'galimoto ndi bokosi la kalipentala

Njira imeneyi ndi imene achinyamata ambiri amatsata, ndipo sindiinyoza. Masipika a m'galimoto a Pioneer, JBL, Kenwood ndi Sony a mainchesi 12 amapezeka mosavuta, ndipo kalipentala waluso angakhome bokosi lolimba kuposa la mawufa ambiri otchipa a m'sitolo. Ndamvapo mabokosi otere oimba bwino kwambiri.

Ambiri amalakwitsa pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kukhoma bokosi mwa diso. Sipika iliyonse ili ndi manambala ake, otchedwa Thiele/Small potengera akatswiri awiri, Neville Thiele ndi Richard Small, amene anagwira ntchitoyi ku Australia, ndipo manambalawa ndi amene amanena kuti bokosi likhale la malita angati, paipi ikhale yotalika bwanji. Pali pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa WinISD yowerengera zimenezi. Kumbukiraninso kuti sipika ya m'galimoto inapangidwa modalira kachipinda kakang'ono ka galimoto kamene kamakweza kwambiri mawu otsika. Bokosi limene limagwedeza minibasi likhoza kumveka lopepuka pabalaza. Gwiritsani ntchito bolodi ya MDF ya mamilimita 18 kapena pulayiwudi yokhuthala, muike mipiringidzo mkati, mumate ndi guluu m'mizere monse kuti mpweya usatuluke. Mukagogoda bokosi ndi chala lizimveka ngati mwagogoda chitsa. Likamalira ngati ng'oma, lidzaimba nawo nyimbo yakeyake.

Chachiwiri ndi magetsi. Ampulifaya ya m'galimoto imadya 12 V, ndipo kuti ipereke mawati 300 imakoka ma amp opitirira 25. Ka adaputala kakang'ono sikangathe. Ena amaika batire ya galimoto pabalaza ndi tchaja, zimene ine sindingalole m'nyumba ya ana, chifukwa cha asidi ndi mpweya umene batire imatulutsa potchaja, komanso waya woonda wopanda fyuzi pa mphamvu yotere amatha kuyatsa moto. Njira yabwino ndi kugula ampulifaya ya wufa yopangidwira magetsi a m'nyumba, ija yomangirira kumbuyo kwa bokosi, imene ili kale ndi crossover (chosefa chosankha mawu opita kuwufa) ndi batani la phase (logwirizanitsa kayendedwe ka koni ndi masipika ena). Amene nyumba yake imayendera sola ndi mabatire a 12 V ali ndi chifukwa chomveka chosankhira ampulifaya ya m'galimoto, bola waya akhale wokhuthala ndi fyuzi pafupi ndi batire.

Za mabokosi a mainchesi 18 aja a pa ukwati, pa chinkhoswe ndi m'matchalitchi ndinene mwachidule. Anapangidwa kuti afuule pabwalo, ambiri amathera cha m'ma 35 kapena 40 Hz, ndipo ampulifaya yake ili ndi fani yomveka filimu ikakhala chete. Pabalaza si malo ake.

Ngati khoma lanu ndi la anebanso

Amene amakhala m'nyumba zogundizana kapena m'mafulati, kaya ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Leeds, ali ndi vuto limene wufa iliyonse yabwino imalikulitsa. Mawu okwera amatsekeka ndi chitseko, koma besi imadutsa m'khoma ndi pansi. Mwana wa eni nyumba akugona kuseri kwa khomalo amamva kugunda kokhakokha popanda nyimbo, ndipo palibe chotopetsa ngati chimenecho usiku. Kuika wufa pa timiyendo ta labala kapena pa thovu lolimba kumachepetsa kunjenjemera kwa pansi, makamaka pa nyumba za ku Britain zimene pansi pake ndi pa matabwa, koma mawu oyenda mumpweya amadutsabe.

Pali njira ziwiri zothandiza. Ina ndi kuika wufa yaing'ono yotseka pafupi kwambiri ndi sofa, kumbuyo kapena pambali, kuti muzimva mphamvu yake voliyumu ili pansi. Ina ndi tizida totchedwa bass shaker, monga ta ButtKicker kapena Dayton Audio, tomangirira ku thabwa la pansi pa sofa. Sititulutsa mawu, timangogwedeza mpando motsatira LFE, ndipo thupi limakhulupirira kuti besi ndi yaikulu. Timafuna ka ampulifaya kakekake. Pa nyimbo sinditikonda, koma pa filimu ya usiku ndi tabwino zedi, bola musatikweze mpaka kumagwedezeka ndi mawu a munthu wolankhula.

Kukonza mabatani, magetsi, ndi kugula yogwiritsidwa kale ntchito

Wufa iliyonse imene mwasankha, mu receiver ikani masipika onse pa Small, ngakhale akhale aatali, ndipo crossover iyambire pa 80 Hz, muyezo umene kampani ya THX yoona za mawu a mafilimu inakhazikitsa. Timasipika ting'onoting'ono timafuna 100 kapena 120 Hz, ndipo zikatero wufa ikhale kutsogolo pafupi nato, chifukwa pamwamba pa 80 Hz khutu limayamba kuzindikira kumene mawu akuchokera. Batani la crossover la pawufa lipotozeni mpaka pa nambala yaikulu yomaliza kapena muliike pa LFE kuti lisalimbane ndi receiver. Yesani phase pa 0 ndi pa 180, wina akusinthirani inu muli pasofa, musiye pamene besi yadzaza. Kenako yendetsani pulogalamu yoyezera chipinda ndi kamaikolofoni kamene kanabwera ndi receiver: Audyssey pa Denon ndi Marantz, YPAO pa Yamaha, MCACC pa Pioneer. Mapulogalamu amenewa amatha kudula pamene besi yatupa, koma sangadzaze malo akufa. Wofuna kuona ndi maso ake angagwiritse ntchito pulogalamu yaulere ya REW ndi maikolofoni ya UMIK-1. Zolira m'nyumba muzisake chimodzichimodzi: kansalu pakati pa mbale, kalabala pa galasi la windo, msomali pa siling'i yolekera.

Ngati m'bale akukutumizirani wufa kuchokera kunja, onetsetsani za magetsi. Ku America ndi 120 V, pamene ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain ndi 230 V. Mawufa ena ali ndi switchi yosinthira, ena amapangidwa a dziko limodzi basi, ndipo ya 120 V mukailowetsa pasoketi ya kuno imapsa nthawi yomweyo. Ya ku Britain imabwera ndi pulagi ya mano atatu yofanana ndi yathu. Kumeneko kumapezeka mawufa a makampani ngati REL, KEF ndi BK Electronics, ndipo zogwiritsidwa kale ntchito zimapezeka zambiri. Werengerani kulemera, chifukwa mtengo wotumizira ndi msonkho wa pachipata zimatha kusintha chisankho chonse kuchoka pa labowo kupita pa lotseka. Ampulifaya ya wufa ndi imene imafa msanga magetsi akabwerera mwamphamvu atazima, ndiye chotetezera cha pasoketi chija chochedwetsa kuyatsa, ngati cha firiji, chigulidwe tsiku lomwelo. Mukamva wufa ikung'ung'udza mosalekeza ngakhale palibe chikusewera, zulani kaye waya wa dishi kumbuyo kwa dikoda. Kukasiya, vuto ndi la ma earth awiri osiyana, ndipo limatha ndi kachida kotchedwa ground loop isolator.

Pogula yakale, pitani ndi fulashi kapena foni yokhala ndi mawu oyesera a 60, 40, 30 ndi 25 Hz, komanso nyimbo imene mumaidziwa bwino. Isanayatsidwe, kankhani koni pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati. Iziyenda mosalala, ikamakhula ngati muli mchenga ndiye kuti koyilo inapsapo. Yang'anani labala wa m'mphepete ngati wang'ambika kapena wayamba kufumbutuka. Nunkhizani pabowo ndi kumbuyo, fungo la chopsa silibisika. Ikayaka, yambani ndi voliyumu yotsika, muike dzanja m'mizere ya bokosi kuti mumve ngati mpweya ukutuluka, ndipo muisiye isewere mphindi 15 kapena 20, chifukwa ampulifaya yodwala imayamba bwino n'kudzazima ikatentha. Wogulitsa akakana kuti muiyese nthawi yonseyo, kapena akamakweza nyimbo yake yokha osalola yanu, isiyeni. Akalola, mupempheni kuti mukaiyesere kunyumba kwanu tsiku limodzi musanamalize kulipira, pakhoma pomwe munapeza pokwawa paja.